Khadi la ku banki: zimene timamva pamzere ndi zimene zimachitikadi

Kumapeto kwa mwezi wina ndinaperekeza atsibweni anga kukagula zinthu m'sitolo ina yaikulu ku Limbe. Anatenga shuga, mafuta ophikira, sopo ndi mchere. Titafika pa tili anatulutsa khadi lawo la ku banki, mtsikana wogulitsa analilowetsa m'makina, iwo n'kudina nambala yawo yachinsinsi. Makina aja anakhala duu kwa kanthawi, kenako anatulutsa kapepala kosonyeza kuti zakanika. Nthawi yomweyo foni ya atsibweni inalira m'thumba la jekete. Unali uthenga wochokera ku banki wonena kuti ndalama zachoka.

"Mwananga, ndalama zanga zalowa kwa inu. Taonani apa," anatero atsibweni akuonetsa foni.

"Pepani bambo, kuno sizinafike. Ndi netiweki," anayankha mtsikanayo, nkhope itagwa.

Onse awiri ankanena zoona, koma aliyense ankaona mbali yake yokha. Zambiri zimene timakhulupirira pa nkhani ya makhadi zinayamba motero. Munthu amaona khadi likulowa, amaona kapepala kakutuluka, koma zimene zimachitika pakati pa ziwirizi saziona, ndiye amadzaza mpatawo ndi zimene wamva pamzere. Palibe chochititsa manyazi pamenepo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, choncho tiyeni tifunse chimodzichimodzi.

"Ndalama zanga zili m'khadimu"

Mawuwa timawamva kawirikawiri kwa makolo athu amene amalandira penshoni kapena ndalama za fodya kudzera ku banki. M'pomveka kuganiza choncho, chifukwa ukalowetsa khadi pa ATM ndalama zimatulukadi. N'chifukwa chake ena khadi likatayika amalira ngati nkhokwe yapsa.

Zoona zake n'zakuti ndalama zili mu akaunti yanu, m'mabuku a banki. Khadi lili ngati chitupa chonena kuti mwini wake ndi uje, ndipo akaunti yake ili ku banki yakuti. Manambala 16 amene ali pakhadipo ali ndi tanthauzo. Ngati yoyamba ili 4, khadilo ndi la Visa. Ngati ili 5 kapena 2, kawirikawiri limakhala la Mastercard. Manambala angapo oyambirira amatchula banki imene inapereka khadilo, ndipo yomaliza ndi mlonda wa anzake: imapezeka powerengera manambala enawo mwa masamu amene Hans Peter Luhn wa kampani ya IBM anakonza m'zaka za m'ma 1950. Munthu akalakwitsa nambala imodzi polemba, kompyuta imazindikira pomwepo. Popeza ndalama zili mu akaunti, khadi likathyoka, likachapidwa pamodzi ndi thalauza kapena likagwa m'minibasi, ndalama zanu zikadalipo. Chofunika ndi kudziwitsa banki msanga kuti ilitseke, kenako n'kupempha lina.

Palinso ena amene amaopa khadi poganiza kuti ndi ngongole. Mantha amenewa ali ndi gwero. Makhadi oyamba otchuka anali a ngongole: la Diners Club limene linayamba ku New York mu 1950, ndi la BankAmericard limene linayamba mu 1958 mumzinda wa Fresno ku California, lomwe mu 1976 linasintha dzina n'kukhala Visa. Makhadi a ngongole alipobe, ndipo munthu akachedwa kubweza amalipira chiwongoladzanja. Koma makhadi ambiri amene tili nawo m'zikwama kuno ku Malawi ndi otapa pa ndalama zimene muli nazo kale. Mukagula katundu wa K20,000, akaunti yanu imatsika ndi K20,000, nkhani yathera pomwepo.

"Ndikangoswaipa, ndalama zalowa kale kwa mwini sitolo"

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Kuti timvetse bwino, tiganizire za chinkhoswe. Mwamuna ali ndi ankhoswe ake, mkazi ali ndi ake. Nkhani zikuluzikulu za banjalo zimadutsa mwa ankhoswewo, ndipo mawu amene iwo agwirizana ndi amene amamanga mbali zonse ziwiri.

Pogula ndi khadi zilinso chimodzimodzi. Wogula nkhoswe yake ndi banki imene inamupatsa khadi. Wogulitsa nkhoswe yake ndi banki imene inamupatsa makina a POS, aja olowetsamo khadi pa tili. Pakati pa mabanki awiriwa pali mthenga wonyamula mawu. Mthengayo akhoza kukhala Visa, Mastercard, kapena Natswitch, njira yolumikiza mabanki a m'dziko muno imene inayamba kugwira ntchito mu 2015, kuyambira ndi ma ATM kenako makina a m'masitolo.

Mukalowetsa khadi, makina amatumiza funso ku banki ya wogulitsa. Banki imeneyo imapatsira mthenga, mthenga n'kukafika nalo ku banki yanu. Banki yanu imaona zinthu zingapo: kodi khadili ndi lenileni, kodi silinatsekedwe kapena kutha nthawi, kodi nambala yachinsinsi ndi yolondola, kodi ndalama zilipo zokwanira. Zonse zikakhala bwino imayankha kuti inde, n'kupatula ndalamazo kuti musazigwiritsenso ntchito pa zina. Yankho limabwerera njira yomweyo mpaka pa tili, kapepala n'kutuluka. Ulendo wonsewo umatenga timasekondi towerengeka.

Chimene wogulitsa walandira pa nthawi imeneyo ndi lonjezo la nkhoswe. Ndalama zenizeni zimabwera pambuyo. Tsiku likatha, zonse zimene zagulidwa pa makinawo zimasonkhanitsidwa, mabanki amawerengerana kuti wina apereke zingati kwa mnzake, ndipo banki ya wogulitsa imaika ndalamazo mu akaunti yake. Izi zimatha kuchitika tsiku lotsatira la ntchito kapena patapita masiku awiri kapena atatu, makamaka ngati pakati pagwa Loweruka, Lamlungu kapena holide. N'chifukwa chake mtsikana wa pa tili sangatsegule kabati n'kukubwezerani ndalama za pamanja pamene makina akana. M'kabatimo simunalowe kanthu.

Chifukwa cha mthenga yemweyu, chikhulupiriro china chakale chinatha ntchito, chija chakuti khadi limagwira pa makina a banki yake yokha. Khadi la National Bank likhoza kulipira pa makina a Standard Bank, la FDH pa makina a NBS, ndipo wogula safunika kufunsa kuti makinawo ndi a yani.

"Makina akana koma foni yalira, ndiye wasitolo wandidyera ndalama"

Tibwerere kwa atsibweni. Funso linapita bwinobwino, banki yawo inavomera, inapatula ndalama, n'kutumiza uthenga pafoni. Koma yankho pobwerera linasochera panjira, mwina netiweki inaduka kapena magetsi anaphethira. Makina a m'sitolo atadikira osamva kanthu anaona ngati malonda alephereka. Ndalama zija zinatsala pakati, zitachoka m'manja mwa wogula koma zisanalonjezedwe kwa wogulitsa.

Zikatere makina amatumiza uthenga wina wouza banki kuti imasule ndalamazo. Nthawi zina zimabwerera patangopita mphindi kapena maola ochepa, nthawi zina pamadutsa masiku. Za atsibweni zinabwerera zokha mlungu usanathe, koma masiku amenewo anali aatali kwa munthu amene ndalamazo zinali za chakudya cha mwezi wonse. Dandaulo lawo linali loona ndipo mabanki ayenera kulimva.

Chimene chingathandize pa nthawi ngati imeneyo ndi ichi. Musaswaipe kachitatu kapena kachinayi poyesa mwayi, chifukwa ulendo uliwonse ukhoza kupatula ndalama zina. Tengani kapepala kosonyeza kuti zakanika, ndipo musafufute uthenga wa pafoni. Ndalama zikapanda kubwera, pitani ku banki yanu, osati kukakangana ndi wa pa tili. Mlandu wa banja umayambira kwa nkhoswe wako. Banki yanu idzakupatsani fomu ya dandaulo, ndipo ili ndi njira yofunsira banki ya wogulitsa, ngakhale kuitanitsa ndalama zimene zinadulidwa kawiri kapena zolipira katundu amene sanafike. Madandaulo otere ali ndi malire a nthawi, choncho musazengereze. Banki ikapanda kukuthandizani, nkhani mukhoza kuipititsa ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira mabanki ndi njira zonse zolipirira m'dziko muno.

"Khadi likakanidwa ndiye kuti mulibe ndalama"

Chikhulupiriro ichi chachititsa manyazi anthu ambiri osalakwa. Makina akakana, anthu a pamzere amayamba kuyang'anana, mwini khadi n'kuyamba kufotokoza zimene sanafunsidwe. Kuperewera kwa ndalama ndi chifukwa chimodzi chabe mwa zifukwa zambiri. Mwina khadi latha nthawi yake, yomwe imalembedwa pakhadipo monga mwezi ndi chaka. Mwina mwadutsa malire a ndalama zimene banki imalola pa tsiku. Mwina nambala yachinsinsi yalakwika katatu ndipo khadi latsekedwa. Mwina kompyuta ya banki yakayikira chifukwa mukugula zinthu zodula kudera kumene simugulako nthawi zonse, ndiye yaimitsa pofuna kukutetezani. Pogula zinthu za kunja pa intaneti, mabanki athu amaikanso malire chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja. Wa pa tili wodziwa ntchito yake amangoti, "Pepani mayi, sizinatheke, kodi pali njira ina?" Ifenso a pamzere tiziphunzira ulemu womwewo.

"Wogulitsa amaona ndalama zanga zonse, ndipo makina amasunga PIN yanga"

Wogulitsa saona kuti mu akaunti yanu muli zingati. Yankho limene makina amalandira ndi lakuti zatheka kapena zakanika, ndipo pa lisiti lanu pamaoneka manambala ochepa okha a khadi, ena onse amabisidwa. Nambala yachinsinsi, yomwe amati PIN, imasokonezedwa mkati mwa makina pamene mukuidina, moti ngakhale mwini sitolo sangaiwerenge.

Kachitsulo kooneka ngati golide kamene kali pakhadi, komwe amati chip, ndi kakompyuta kakang'ono. Kale makhadi ankadalira mzere wakuda wa kuseri kuja, umene uthenga wake susintha, ndipo akuba ankatha kuukopera n'kupanga khadi lina lofanana. Makampani a Europay, Mastercard ndi Visa anagwirizana m'zaka za m'ma 1990 kukonza njira ya chip, n'chifukwa chake imatchedwa EMV. Ulendo uliwonse mukagula, kachitsuloko kamapanga nambala yatsopano yogwira ntchito kamodzi kokha. Wina akaiba nambala ya lero, mawa ilibe ntchito.

Ngozi yeniyeni ili kwina, ndipo ili pafupi ndi ife kuposa mmene timaganizira. Alipo amene amalemba PIN kuseri kwa khadi kapena pa kapepala m'chikwama chomwecho. Alipo amene amasankha chaka chawo chobadwa, chomwe chili pa chiphaso cha unzika chimene chimagona m'thumba limodzi ndi khadilo. Alipo amene pothira mafuta amapereka khadi pawindo la galimoto n'kutchula PIN mokweza kuti wothira mafuta awadinire. Ena amatuma mwana kapena wa kabaza kukatapa ndalama, mawa n'kudabwa kuti zatha bwanji. Zikatero banki imavutika kukuthandizani, chifukwa m'mabuku mwake zimaoneka kuti khadi lenileni ndi PIN yolondola zinagwira ntchito.

Chinthu china chimene ambiri sadziwa n'chakuti pogula pa intaneti PIN sifunika. Zimene zimafunika ndi manambala a kutsogolo aja, tsiku lothera ntchito, ndi manambala atatu a kuseri. Choncho munthu amene wapita ndi khadi lanu kuseri kwa kauntala n'kulijambula mbali zonse ziwiri watenga chinthu chamtengo. Chitetezo chotsala ndi kanambala kamene banki imatumiza pafoni yanu kuti mutsimikize, komwe amati OTP. Akuba amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amaimba foni mwaulemu kwambiri n'kunena kuti ndi a ku banki, akukonza akaunti yanu, muwawerengere nambala imene yangofika kumene. Wogwira ntchito ku banki weniweni safunsa PIN kapena OTP, kaya pafoni kaya pamaso. Wofunsa zimenezo ndi mbala, ngakhale atatchula dzina lanu lonse. Dulani foniyo, muimbire banki pa nambala imene ili kuseri kwa khadi.

"Khadi longogunditsa lija akhoza kukubera uli m'minibasi"

Makhadi atsopano ambiri ali ndi kachizindikiro kooneka ngati mafunde, kosonyeza kuti mukhoza kungoligunditsa pa makina osalilowetsa. Mphekesera imati munthu akhoza kuyenda ndi makina m'chikwama, n'kumakhudza matumba a anthu mu mpanipani wa m'minibasi kapena mumsika, ndalama n'kumachoka.

Mantha ake ndi omveka, koma taonani zimene wakubayo angafunike. Khadi lotere limalankhula ndi makina pa mtunda wa masentimita anayi kapena kucheperapo. Makinawo ayenera kukhala olembetsedwa ku banki m'dzina la bizinesi yodziwika, ndipo ndalama zimakalowa mu akaunti imene mwini wake anapereka chiphaso ndi adiresi. Kuba kotero kuli ngati kuba mbuzi n'kusiya chitupa chako m'khola. Komanso kugula kopanda PIN kuli ndi malire amene banki imaika, ndipo mukawadutsa makina amafunsa PIN. Chowopsa chenicheni ndi khadi lotayika, chifukwa wolitola akhoza kugula tinthu ting'onoting'ono mpaka litatsekedwa. Mankhwala ake ndi omwe aja: kulembetsa kuti muzilandira uthenga pafoni ndalama zikachoka, ndi kutseketsa khadi mukangoona kuti palibe.

"Makina a POS amadya phindu, ndi a masitolo akuluakulu okha"

Tsopano tiime mbali ya wogulitsa. Mwini golosale, mwini hadiweya kapena mayi wa lesitilanti akamati fodya wako ndi amene ali pamphuno, akunena zimene moyo wamuphunzitsa. Ndalama ya pamanja amaiona, amaigwira, madzulo omwewo amakaodera katundu wina. Ndipo n'zoona kuti malonda a pa khadi ali ndi mtengo. Banki imatapa kagawo pa malonda alionse malinga ndi pangano lake ndi wogulitsa. Tiyerekeze kuti agwirizana pa K2 pa K100 iliyonse. Katundu wa K50,000 akagulidwa, wogulitsa amalandira K49,000. K1,000 yotsalayo siidyedwa ndi banki imodzi: gawo lina limapita ku banki ya wogula, lina kwa mthenga uja, lina n'kutsala kwa banki ya wogulitsa, imene inagula makina ndipo imawakonza akawonongeka. Mayiko ena anaika malire pa gawo lopita ku banki ya wogula. Ku mayiko a European Union, kuyambira mu 2015, silidutsa 0.2 peresenti pa makhadi otapa ndalama za mu akaunti ndi 0.3 peresenti pa makhadi a ngongole. Izi zikusonyeza kuti mtengowu ndi wokambirana, ndipo wamalonda ali ndi ufulu wofunsa mabanki angapo asanasaine.

Koma ndalama ya pamanja nayonso imadya phindu, kungoti imadya mwakachetechete. Pali ndalama zachinyengo zimene zimadziwika wogula atapita kale. Pali vuto la chenji, mpaka kumapatsa anthu maswiti m'malo mwa ndalama zawo. Pali nthawi yowerenga mitolo usiku, poti ngakhale ndalama ya K5,000 imene inatuluka mu 2022 imafunika yambirimbiri kuti munthu agule matumba a simenti kapena feteleza. Pali mtengo wa ulendo wa ku banki ndi mantha a panjira, ndalama zili m'chikwama. Pali zosowa za m'kabati zimene palibe amene amavomera. Palinso kasitomala amene wabwerera pakhomo chifukwa analibe ndalama m'thumba koma anali nazo ku banki. Malonda a pa khadi amasiya mbiri yolembedwa, ndipo mbiri imeneyo imayankhulira wamalonda tsiku limene adzapite kukapempha ngongole yokulitsira bizinesi.

Ena amathetsa nkhani ya kagawo ka banki kaja pouza kasitomala kuti akalipira ndi khadi awonjezere kangachepe. Wogulitsa asanatero awerenge pangano lake ndi banki, chifukwa mapangano ambiri otere amaletsa zimenezo, ndipo kasitomala wolipitsidwa choncho ali ndi ufulu wokadandaula. Ku Britain boma linaletseratu mchitidwewu mu January 2018. Kuno kwathu, malamulo amene anakhazikitsidwa mu 2019 amafuna kuti mabizinesi okhala ndi ziphaso akhale ndi njira yolandirira malipiro yosakhala ya pamanja. Kwa wamalonda wamng'ono poyambira pakhoza kukhala Airtel Money kapena TNM Mpamba, makina a khadi n'kubwera malonda akakula.

Kwa amene muli nawo kale makinawo, pali zinthu ziwiri zosunga. Musapereke katundu chifukwa choti kasitomala wakuonetsani uthenga pafoni yake, chifukwa umboni wanu ndi kapepala kotuluka m'makina anu konena kuti zatheka. Ndipo sungani timapepalato mwadongosolo, chifukwa wogula akakadandaula ku banki yake, ndi timeneto timene tidzakuyankhulireni.

Mawu kwa inu owerenga

Khadi silinathetse mavuto onse. Netiweki imadukadi, magetsi amazimadi, ndipo m'misika yambiri ya kumudzi ndalama ya pamanja ikadali mfumu. Munthu wanzeru amayenda ndi khadi komanso kandalama kochepa m'thumba. Koma mantha athu tiwaike pamalo pake. Makina a pa tili ndi mtsikana amene akuwagwira si amene amatibera kawirikawiri. Amatibera ndi munthu amene tamuuza tokha nambala yathu yachinsinsi.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Ngati kwanu kuli agogo, amayi kapena atsibweni amene ali ndi khadi, khalani nawo pansi mlungu uno. Auzeni kuti ndalama zawo zili ku banki ndipo khadi likatayika sizitayika nalo. Alembereni nambala ya foni ya banki yawo pamalo ena osati m'chikwama cha khadi. Auzeni kuti makina akakana azisunga kapepala n'kupita nako ku banki yawo. Koposa zonse auzeni kuti PIN ndi OTP sauza munthu, ngakhale wonena kuti ndi wa ku banki, ngakhale inuyo amene mukuwaphunzitsa.